Yankho pa nsomba yaphwatalala ya pa sulufule ija

Achimwene, mwafunsa za kansomba kooneka ngati lilime kamene kagona pa miyala yachikasu mu vidiyo ya pansi pa nyanja, kuti ndi kanji ndipo munthu angakazindikire bwanji. Ngati vidiyoyo ndi ya ku mapiri ophulika a pansi pa madzi a ku Mariana m'nyanja ya Pacific, monga Daikoku kapena Nikko, kameneko ndi Symphurus thermophilus. Akatswiri a nsomba Munroe ndi Hashimoto ndiwo anakatcha dzinali mu 2008. Kamakhala kuya kwa mamita opitirira 200 mpaka cha m'ma 700, pafupi ndi pamene madzi otentha ndi sulufule zimatuluka pansi, ndipo kamadya nyongolotsi za m'matope ndi tinkhanu ting'onoting'ono. Kutalika kwake n'kwa chala kapena kupitirira pang'ono.

Yambani ndi maso. Igonekeni nsombayo maso ali m'mwamba, mimba italoza kwa inu. Mutu ukaloza kumanzere, ndiye kuti maso ali mbali ya kumanzere, ndipo ndi mmene a Symphurus onse alili. Ana ake amaswedwa ali ndi diso mbali iliyonse. La kumanja limasamuka akamakula. Koma chenjerani ndi zithunzi za pafoni, zina zimatembenuza mbali, munthu n'kutchula banja lolakwika.

Kenako onani zipsepse. Cha pamsana, cha kumchira ndi cha kumimba n'zolumikizana popanda mpata, thupi n'kuthera kosongoka. Za m'mbali mwa mutu palibe. Apa ambiri amasokoneza ndi Cynoglossus, abale ake a banja limodzi. Cynoglossus ambiri ali ndi mizere iwiri kapena itatu yoyenda m'litali mwa thupi mbali ya maso, ndiponso mphuno yokhota ngati mbedza yophimba kamwa. Symphurus alibe mzere ngakhale umodzi, ndipo kakamwa kake kali kutsogolo.

Kuti mufike pa mtundu weniweni mpofunika kuwerenga timinga tofewa ta m'zipsepse: pamsana 88 mpaka 94, kumimba 74 mpaka 80, kumchira 14. Ta kumchira n'tofunika kwambiri, komanso n'tomwe timapusitsa. Mchira ukalumidwa n'kumeranso, timinga timamera mosalongosoka, choncho nsomba yotereyo musaidalire. N'chifukwa chake akatswiri amajambula X-ray, kuti aone mmene timafupa togwira chipsepse cha pamsana takhalira pakati pa minga ya msana kuseri kwa mutu. Khungu la m'kati mwa mimba n'lakuda ndipo limaonekera kunja.

Maonekedwe a khungu okha musawakhulupirire. Mamba amasupuka mu ukonde ndipo mawanga amafufuma nsomba ikakhalitsa mu spiriti, ndiye muijambule ikadali yaiwisi, mudulenso kachidutswa ka chipsepse musanaiviike mu mankhwala oletsa kuwola a formalin, poti formalin amawononga DNA. Kachidutswako n'kofunikadi: nsomba zofanana ndi imeneyi za ku mapiri a pansi pa nyanja a ku Tonga zinapezeka kuti DNA yake ndi yosiyana kwambiri ndi ya ku Mariana, ngakhale pamaso simungazisiyanitse.