Mbuzi zatha, kodi ndigulitsenso dimba?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Bembeke m'boma la Dedza. Chaka chatha anandipeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ndimakalandira mankhwala a m'diripi ku Lilongwe. Mankhwalawo salipiritsa, koma ulendo uliwonse umafuna ndalama ya kabaza ndi minibasi ya anthu awiri, ine ndi mng'ono wanga wondidwazika, kuphatikizapo ufa, ndiwo ndi makala. Mbuzi zanga zisanu zinathera pomwepo. Kubanki m'khonde ndili ndi ngongole. Dimba la kachewere lagonera chifukwa khasu likundikanika. Mwezi watha ndinajomba tsiku langa osauza aliyense. Pano wina akufuna kugula dimbalo, wina akuti andikongoze katapila. Nditani?

Mayi wa ku Bembeke

Mwanawe,

Mawu akuti "osauza aliyense" ndi amene andiwawa kwambiri. Mankhwala a khansa amaperekedwa pa masiku owerengedwa bwino, ndipo ukadumphitsa matenda amapeza mpata. Bwererani sabata ino, mukauze anamwino mosabisa kuti chinakulepheretsani ndi thiransipoti, osati mphwayi. Mukafunsenso zimene mungamalandire pachipatala cha boma ku Dedza, kumene kuli gawo losamalira odwala matenda a mgonagona, kuti maulendo a ku Lilongwe akhale okhawo osapeweka.

Katapila ayi, ndakukanizani. Chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi, ndipo mapeto ake dimbalo lidzapitabe. Kugulitsanso musafulumire, ana anayiwo adzadya pati? Libwereketseni kwa nyengo imodzi, mulembererane pamaso pa amfumu, ndalamayo ikhale ya ulendo basi.

Kenako itanani amalume anu, eni mbumba, pamodzi ndi alongo anu. Musangoti "ndavutika". Awerengereni mtengo wa ulendo umodzi ndi masiku otsala, aliyense atenge ulendo wake. Amene ali kutauni kapena ku Joni atumize pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lisanakwane. Abale ambiri sathandiza chifukwa palibe anawapatsa gawo lomveka. Kumpingo nakonso auzeni, asamangobwera ndi nyimbo zokha.

Pitaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. Mtukula Pakhomo ndi wa mabanja osaukitsitsa omwe alibe wogwira ntchito, koma salemba anthu tsiku lililonse, choncho musaikepo mtima wonse. Anzanu a kubanki m'khonde apempheni akutalikitsireni nthawi yobweza, ndipo pokakumana nawo mutenge buku lanu lachipatala.

Azakhali