Mfuti za malemu apongozi anu: risiti ya 2012 musaidalire

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wa ku Malawi amene amakhala ku England. Apongozi awo aamuna, mzungu wa komweko, amwalira, ndipo wilo yatchula mayiwa ndi amuna awo kuti ndiwo ayendetse chuma chamasiye. M'kabati yagalasi ya malemuwo muli mfuti zinayi zapamanja: kavolovolo kakang'ono ka ku Belgium, ina yothira wonga yooneka ngati Colt, Smith & Wesson ya .44 Russian yokhala ndi risiti ya 2012 yonena kuti ndi yamakedzana ndipo siifuna chiphaso, komanso Webley imene akuti agogo a m'banjamo anabwera nayo kuchokera ku Zomba, kumene ankagwira ntchito m'gulu la asilikali la King's African Rifles. Nyumba ili pamalonda. Alamu awo akuti mfutizo zikakhale kaye m'galaja mwa mayiwa, azipukute bwino, kenako azitsatse pa intaneti. Mayiwa anaimbira apolisi pa 101, nambala ya nkhani zosakhala zadzidzidzi, anauzidwa kuti wina awaimbira, mpaka lero zii. Funso lawo: ndizitenge?

Mayi, musazitenge. Musazikweze m'galimoto, musazilowetse m'galaja mwanu, ndipo alamu anuwo muwauze mwaulemu kuti manja awo akhale kutali ndi kabatiyo. Pa mfuti zinayizo, ziwiri zikhoza kukhala za gulu loletsedwa, limene munthu wamkulu akapezeka nalo chilango chake chimayambira pa zaka zisanu m'ndende. Ndikuti chimayambira, sindikuti chimathera pamenepo.

Alamu anu akunena zimene zinali zoona kale. Gawo 58 la Firearms Act ya 1968, lamulo la mfuti la ku Britain, limalola munthu kusunga mfuti yamakedzana popanda chiphaso, malinga akuisunga ngati chokongoletsa kapena chinthu chongosirira. Kwa zaka zambiri lamulo silinkafotokoza kuti yamakedzana ndi iti, ndipo apolisi ndi ogulitsa ankangotsata mndandanda wa Home Office, unduna wa za m'dziko ku Britain, wa zipolopolo zimene zinasiya kupezeka. Zinthu zinasintha pa 22 Malichi 2021. Kuyambira tsikulo mfuti iyenera kukhala yopangidwa 1 Seputembala 1939 isanafike, ndiponso ikhale ya mtundu wa kawomberedwe kakale kotchulidwa m'malamulowo, kapena yolowa chipolopolo chimene chili pa mndandanda watsopano. Chibowo cholowa chipolopolocho chikhalenso mmene chinalili pochoka kufakitale, osati chokuzidwa kapena chosinthidwa pambuyo pake.

Pa mndandanda watsopanowo panachotsedwa zipolopolo zisanu ndi ziwiri: .320 British, .41 Colt, .44 Smith & Wesson Russian, .442 Revolver, 9.4mm Dutch, 10.6mm German Ordnance ndi 11mm French Ordnance ya 1873. Chifukwa chake n'chakuti zigawenga zinatulukira kuti zikhoza kugula mavolovolo amenewa popanda wozifunsa dzina, kenako n'kupeza munthu wozipangira zipolopolo kuseri. Mu 2017 khoti la ku Birmingham linagamula wogulitsa mfuti wina wa ku Gloucestershire kuti akakhale kundende zaka 30 pa malonda oterewa. Dzina lachitatu pa zisanu ndi ziwirizo mwaliona. Ndi lomwe lili pa risiti yanu ija.

Tsono msampha umene ndauona ukugwetsa anthu osalakwa ndi uwu. Munthu amapeza pepala m'diloo, lolembedwa ndi wogulitsa wovomerezeka, lokhala ndi chidindo, lonena kuti mfutiyi siifuna chiphaso. Mtima umakhala m'malo. Amanyamula mfutiyo kupita nayo kwawo, kapena kwa wodziwa mitengo, kapena kuijambula n'kuiika pa intaneti. Tsiku limene apolisi agogoda, amatulutsa pepalalo monyadira, akuganiza kuti nkhani yatha. Pamene pepala lija likungotsimikizira apolisi mtundu wa chipolopolo, ndiponso kuti iye ankadziwa kuti ali ndi mfuti.

Pa milandu iyi khoti silifunsa zimene munkakhulupirira. Mu 1977 khoti la apilo linaweruza mlandu wa Howells, munthu amene anagula volovolo akuiyesa yakalekale pamene inali yopangidwa chaposachedwa motengera yakale. Oweruza anati kukhulupirira kwakeko, ngakhale kunali kochokera pansi pa mtima, sikumuchotsera mlandu. Chimene chimayesedwa ndi mfutiyo, osati maganizo a mwini wake. Ndiye mawu akuti "ndinaona risiti", "alamu anandiuza", "apongozi anakhala nayo zaka zonsezi popanda vuto" amathandiza, ngati athandiza n'komwe, pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe. Pa funso lakuti mwalakwa kapena ayi sathandiza.

Boma linapereka miyezi isanu ndi umodzi, mpaka pa 21 Seputembala 2021, kuti amene anali kale ndi mfuti zoterezi apemphe chiphaso, azigulitse, aziphetse kuti zisawombenso, kapena azipereke kupolisi. Okalamba ambiri sanamve n'komwe za nkhaniyi. Fufuzani m'mapepala a malemuwo ngati muli chiphaso cha mfuti chotchula Smith & Wesson imeneyi. Chikapezeka, ndiye kuti iwo anali bwino, koma chiphaso ndi cha munthu, chimafera limodzi ndi mwini wake. Chikapanda kupezeka, ndiye kuti mfutiyo yakhala m'kabatimo mosavomerezeka kuyambira 2021. Mmene ine ndimaliwerengera lamuloli, mwayi wa nthawi imene ija unali wa munthu amene anali ndi mfutiyo pa tsikulo, ndipo sulowa m'chuma chamasiye kuti inu muulandire.

Ikachoka m'gulu la zamakedzana, volovolo imagwera m'gawo 5 la lamulo la 1968 lija, limene kuyambira 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996, limaletsa mfuti ya mpope wosafika masentimita 30 kapena imene yonse siikwana masentimita 60. Apa ndi pamene pali zaka zisanu zija. Woweruza amaloledwa kutsika pokhapokha ataona zifukwa zapadera kwambiri, ndipo mawu amenewa makhoti amawagwira mowuma. Mu 2005 khoti la apilo linamva limodzi milandu iwiri, wa Rehman ndi wa Wood. Woyambayo, amene anagula mfuti yoti angopachika monga chokongoletsa, anamuchepetsera chilango kufika pa miyezi 12. Wachiwiriyo, wosonkhanitsa zida amene anasunga mfuti yofupikitsidwa yochokera kwa agogo ake, zaka zisanu zinakhala momwemo. Onse awiri sanali zigawenga. Ndipo taonani, ngakhale wopambanayo anagamulidwabe ndende.

Kwa inu pali china chimene alamu anu, pokhala nzika, sichikuwakhudza. Ngati simunatenge unzika wa Britain, chilango cha miyezi 12 kapena kuposerapo chimachititsa kuti boma liyambe ndondomeko yokuthamangitsani m'dzikomo, malinga ndi UK Borders Act ya 2007. Pali njira zotsutsira, makamaka ngati muli ndi banja ndi ana, koma ndi nkhondo yaitali ndiponso yodula. Ndiye zimandidabwitsa kuti pa abale onsewo, galaja imene yasankhidwa ndi yanu.

Kodi mukanena nokha kupolisi, adzakuzengani mlandu? Kawirikawiri munthu amene wapeza mfuti m'katundu wa malemu n'kudziwitsa apolisi msanga, osaisuntha, sazengedwa, chifukwa oimira boma pa milandu amayenera kuona ngati kuzenga mlanduwo kuli ndi phindu kwa anthu. Koma limeneli si lonjezo, ndipo ine sindingakulembereni kuti zidzatero. Makiyi a nyumbayo ali ndi inu, ndipo wina atafuna akhoza kunena kuti mfutizo zili kale m'manja mwanu. Chokutetezani ndi umboni wakuti munalankhula msanga ndipo simunachite nazo kanthu. Foni ija ya 101 ndi poyambira pabwino, koma foni yopanda nambala ya nkhani ili ngati mawu olankhulidwa pamphepo. Imbaninso lero, mupemphe nambala ya nkhaniyo, mulembe tsiku ndi nthawi. Kenako lembani imelo ku ofesi yoona za ziphaso za mfuti ya apolisi a dera limene kuli nyumbayo. Ofesi imeneyi ndi imene imadziwa kusiyanitsa mfutizi. Wolandira mafoni nthawi zambiri sadziwa, ndipo ena amangoyankha kuti "bweretsani ku siteshoni" ngati akunena za chikwama chotola panjira. Musapite nazo pokhapokha atakulemberani tsiku, malo ndi kanyamulidwe kake. Chabwino n'chakuti abwere okha.

Za Webley ija. Zipolopolo za .455 ndi .38, zimene asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito, sizili pa mndandanda wa zamakedzana, ndiye imeneyinso muiwerengere m'gulu loletsedwa mpaka katswiri atanena zina. Komabe chaka chake n'chofunika pa mtengo ndi pa tsogolo lake. Webley Mark VI ya .455 inayamba kuperekedwa kwa asilikali mu 1915. Gawo 7 la lamulo lina la mfuti, la 1997, limalola wosonkhanitsa amene ali ndi chiphaso kusunga kunyumba mfuti yapamanja yopangidwa 1 Januwale 1919 isanafike, ngati zipolopolo zake sizipezeka wamba, ndipo ma Webley a .455 a nthawi imeneyo amagulidwa kudzera pakhomo limeneli. Ngati agogowo anali ku Zomba pa nkhondo yachiwiri ndipo mfutiyo ndi ya .38, khomolo latsekeka. Lotsala ndi la mfuti zosowa kapena za mbiri yapadera, zimene zimasungidwa pamalo osankhidwa ndi boma monga ku Bisley, osati kunyumba. Apa makalata, zithunzi ndi mapepala a usilikali a agogowo amakhala ndi ntchito yaikulu, choncho musataye kalikonse pokonza m'nyumbamo. Nkhani ya pakamwa yokha yakuti inachokera ku Nyasaland siikweza mtengo.

Yothira wonga ija muikayikire. Makampani a ku Italy monga Uberti ndi Pietta akhala akupanga mavolovolo otengera Colt kwa zaka zambiri, onse pambuyo pa 1939, ndipo alipo anthu amene amafuta zolemba zake n'kuwakalambitsa dala ndi mankhwala. Mukaona mawu akuti Made in Italy kapena Black Powder Only pa mpope, si yamakedzana. Siili m'gulu la zaka zisanu lija, koma imafuna chiphaso, ndipo kukhala nayo popanda chiphaso ndi mlandu. Ndi nkhani ya Howells yomwe ija. Kavolovolo ka ku Belgium, ngati ndi ka mtundu wa pinfire, kamene chipolopolo chake chinali ndi kamsomali kotulukira m'mbali, n'kutheka kuti ndi kokhako kamene kalibe vuto. Ku Liège, mzinda wa ku Belgium, ankapanga tambirimbiri totere m'zaka za m'ma 1800.

Kupukuta kumene alamu akufuna kukutayitsani ndalama. Ogula mfuti zakale amayang'ana ngati manambala a pa thupi, pa mpope ndi pa gudumu lolowa zipolopolo akufanana, ngati zidindo za oyesa mfuti a ku Birmingham, London kapena Liège zikuwerengeka, ndi kuchuluka kwa mtundu woyambirira umene watsala pachitsulo. Sandipepala ndi polishi zimafuta zonsezi, ndipo zidindo zomwezo ndi zimene katswiri angagwiritse ntchito potsimikizira apolisi chaka cha mfutiyo. Kuikonza kuti iziwomba n'koipa koposa, chifukwa kumatsutsa mawu akuti ndi yongokongoletsa.

Zotsalazi mwachidule. Mfuti iliyonse muitenge ngati yodzaza. Yothira wonga imatha kukhala ndi wonga wamoyo kwa zaka zochuluka, ndiye pasapezeke woyesa kukoka kalikonse. Jambulani zithunzi zili momwemo m'kabati, khomani, kiyi asunge munthu mmodzi. Mukapeza zipolopolo, ngakhale chimodzi, zitchuleni mu imelo ija, chifukwa chilolezo cha zamakedzana sichifika pa zipolopolo. Munthu amene anagamulidwapo ndende ya miyezi itatu kapena kuposerapo, ngakhale yoimikidwa, saloledwa kugwira ngakhale yamakedzana kwa zaka zisanu, ndipo wa zaka zitatu kapena kuposerapo saloledwa moyo wake wonse. Ngati m'banjamo alimo wotere, asayandikire. Kuyenda ndi yamakedzana pagulu popanda chifukwa chomveka kukhozanso kukhala mlandu. Chilolezo chakanthawi chimene apolisi amapereka kwa oyendetsa chuma chamasiye musachidalire pa mfuti za gawo 5. Zotumiza Webley ku Malawi kuti ikakhale chikumbutso, kaya papositi kaya m'kontena, muiwale.

Apolisi akabwera kudzazitenga, werengani pepala lililonse musanasaine. Pamakhala fomu yosonyeza kuti mwazipereka kotheratu, ndipo mukaisaina zimakaphwanyidwa. Inu ndi amuna anu muli ndi udindo kwa onse otchulidwa mu wilo, ndipo alamu omwewo ndi amene adzayambe kufunsa kuti ndalama ya mfuti ili kuti. Lembani kuti mukupempha azisunge podikira wogulitsa mfuti wolembetsedwa amene ali ndi chilolezo cha gawo 5, kapena kampani ya okushoni yokhala ndi chilolezo chomwecho. Akhoza kuvomera kapena kukana. Akakuitanani kuti "tingocheza pang'ono" n'kuyamba ndi mawu ochenjeza aja akuti zonena zanu zikhoza kukhala umboni, imani pomwepo mupemphe loya. Ndi waulere, ngakhale mwapita nokha osamangidwa. Tsiku lopereka makiyi kwa wogula nyumba likayandikira apolisi asanabwere, itanani wogulitsa wa gawo 5 uja adzazitengere pamalopo, akupatseni risiti yotchula mtundu ndi nambala ya mfuti iliyonse, muitumize ku ofesi ya ziphaso ija tsiku lomwelo. Ndalama yomulipira ichoke m'chuma chamasiye, osati m'thumba mwanu.