Ndingathe Fes, Tunis ndi Cairo pa masabata awiri?

FUNSO: Zikomo akulu, ine ndi bambo anga tasunga kandalama, tikufuna tikaone Fes, Marrakech, Tunis ndi Cairo pa masabata awiri, pa basi kuti zitchipe. Zingatheke? Wowerenga, Nkhotakota Boma.

YANKHO: Achimwene, basi ija iwalani kaye, Fes ndi Marrakech ili ku Morocco, Tunis ili ku Tunisia, pakati pake pali Algeria, koma malire a pamtunda a Morocco ndi Algeria anatsekedwa mu 1994 ndiye ku Tunis mungapite pa ndege. Komanso mizinda inayi ndi madala pa masabata awiri mungowatopetsa, ine ndikanasiya Tunis. Fes mpatseni masiku atatu, kuli mzikiti wa al-Qarawiyyin womwe unayambika mu 859, ndipo tinjira ta mu medina (chigawo chakale cha mzindawu) ndi tothinana moti galimoto salowamo, katundu amanyamula abulu, musokera ndithu koma kukoma kwake nkomweko. Kupita ku Marrakech kwerani sitima ya pamtunda, ndi maola pafupifupi 7, madzulo mukadye pa bwalo la Jemaa el-Fna. Cairo ikhale yomaliza, mukaone mzikiti wa Al-Azhar ndi mapiramidi a ku Giza kenako mubwerere ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa. July ndi August ayi, dzuwa lake lija la kunyanja mu Okutobala likuchepa. Za viza yambani msanga musanagule tikiti.