Funsani Adokotala: Chifu Anachepetsa, Tsopano Mapazi Achita Dzanzi

FUNSO: Adokotala, akazi anga anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ya gastric bypass, ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo chifukwa cha kunenepa ndi shuga. Thupi linatsikadi. Mabotolo a mavitamini amene anabwera nawo atatha sitinagulenso, poti ankadya bwinobwino. Panopa mapazi achita dzanzi, kukada amayenda modzandira, ndipo sachedwa kutopa. Kuchipatala anati magazi achepa, n'kuwapatsa mapiritsi a ayironi otchedwa sal ferroso. Yatha miyezi iwiri, dzanzi lili pomwepo.
Bambo wa ku Ulongwe, Angónia

YANKHO: Bambo, dzanzi limenelo si loti muziliyang'ana. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku kuchepa kwa vitamini B12, ndipo mu sal ferroso mulibe B12.

Chifu chathunthu chimatulutsa asidi womasula B12 mu nyama, mazira ndi kapenta. Chimatulutsanso chinthu china, intrinsic factor, chimene chimagwira vitaminiyo kuti matumbo aiyamwe. Opaleshoni ya mayiwa inasiya kathumba kongokwana masupuni aakulu awiri, choncho ngakhale adye nyama ya mbuzi ya ku Tete tsiku ndi tsiku, B12 yambiri imangodutsa. Vuto lachedwa kuoneka chifukwa chiwindi chimasunga B12 ya zaka zingapo. Nkhokwe imeneyo ndiyo yatha tsopano.

Pali msampha apa. Mapiritsi ambiri a sal ferroso amakhala ndi folic acid. Folic acid amatha kukweza magazi papepala, wodwala n'kumaoneka ngati akuchira, pamene mitsempha ikuwonongekabe mwakachetechete. Mtsempha ukavulala nthawi yaitali subwerera mwakale.

Bwererani kuchipatala sabata ino, mutatenga pepala la opaleshoni lija. Pemphani ayeze magazi onse, ferritin (muyeso wa ayironi wosungidwa m'thupi), B12 ndi shuga, pakuti shuga nayenso amachititsa dzanzi, ndipo mankhwala a shuga otchedwa metformin, ngati mayi akumwabe, amatsitsa B12. Ngati labotale yapafupi siyeza B12, awatenge magazi mayiwo kapena awatumize kwina, koma jakisoni wa B12 asadikire zotsatira. Mlingo wake ndi 1000 mcg wobaya mumnofu. Pakakhala dzanzi amayamba mobaya modumphitsa tsiku, mpaka kusintha kutaima. Kenako B12 wa mtundu wa cyanocobalamin amabaya kamodzi pamwezi, wa hydroxocobalamin pakatha miyezi iwiri kapena itatu, moyo wonse. Dzanzi likakana kutha, ayezenso copper, poti kuchepa kwake nako kumachititsa dzanzi.

Za tsiku ndi tsiku ndi izi: piritsi la mavitamini osakaniza lokhala ndi zinc ndi copper, ayironi 45 mpaka 60 mg ngati mayi akusambabe, vitamini D 3000 IU, ndi kashiamu 1200 mpaka 1500 mg. Kashiamu agawidwe katatu, chifukwa matumbo sayamwa woposa 500 kapena 600 mg nthawi imodzi. Ku famasi werengani chibotolo. Wa citrate ndiye wabwino, poti safuna asidi. Wa carbonate ndi wotsika mtengo, koma amwedwe pakudya. Mavitamini otafuna ooneka ngati maswiti aja asiyeni: ambiri alibe ayironi, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala amangomatana m'botolo.

FUNSO: Mchemwali wanga anadulidwa chifu ku India masabata asanu apitawo. Chilichonse akadya amasanza, ngakhale phala. Dzulo wayamba kuona zinthu ziwiriziwiri ndiponso kuyankha zosagwirizana. Tidikire tsiku lokaonana ndi dokotala wake pa WhatsApp?
Mayi wa ku Moatize

YANKHO: Ayi, mayi. Mutengeni lero, mupite naye ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Thupi limasunga vitamini B1, thiamine, wa masabata awiri kapena atatu okha, ndipo munthu wosanza mosalekeza amamutha msanga. Kuona pawiri, kudzandira ndi kusokonezeka mutu ndi zizindikiro za matenda a Wernicke, amene amawononga ubongo. Mankhwala ake ndi thiamine wochuluka wodzera mumtsempha kwa masiku angapo. Piritsi silithandiza munthu amene akusanza.

Mukafika, nenani mawu awa musanafunsidwe: "Anachitidwa opaleshoni ya chifu, wakhala akusanza masabata asanu." Dripi ya shuga ikaikidwa thiamine asanaperekedwe, imatha kukulitsa vutolo, chifukwa thupi limawotcha shugayo ndi thiamine wochepa wotsalayo. Afufuzenso chosanzitsa, mwina njira ya chifu yapanikizika.

FUNSO: Ndimamwa ayironi ndi kashiamu pamodzi m'mawa, ndi tiyi wamkaka, kuti ndisaiwale. Patha chaka chichitire opaleshoni ya gastric bypass, koma magazi sakukwera, ndipo ndayamba kulakalaka dothi la pachulu.
Mphunzitsi wa ku Furancungo

YANKHO: Aphunzitsi, kapu imodziyo ndiyo ikukuberani. Kashiamu, mkaka ndi tiyi, zonse zimatsekereza ayironi. Kumbukiraninso kuti chigawo choyamba cha matumbo, chimene chimayamwa ayironi wambiri, bypass inachilambalala, ndiye kochepa kamene kangalowe musakatchingenso. Pakati pa ayironi ndi kashiamu pazidutsa maola awiri. Ayironi mumwe ndi madzi, mutsitsire gwafa, lalanje kapena madzi a malambe osathira shuga, poti vitamini C amamuthandiza kulowa. Chimbudzi chikaderako, ndi ayironiyo. Koma chikakhala chakuda bii, chomata ngati phula ndi chonunkha kwambiri, ndi magazi, thamangirani kuchipatala. Ibuprofen ndi diclofenac musamwe, amaboola zilonda pamsoko wa chifu.

Kulakalaka dothi ndi chizindikiro cha kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo likhoza kukubweretserani njoka zam'mimba. Ayeze chimbudzi ndi malungo. Ferritin akapanda kukwera patatha miyezi itatu mukumwa moyenera, funsani za ayironi wodzera mudripi.