Yambani kuthanki, mainjekita akhale omaliza

Achimwene, mwafunsa za injini ya Yamaha F60 ya pa boti lanu lonyamula anthu. Mukuti ikakhala pa idle (ikungolira, musanaike moto) imalira bwinobwino, koma mukangoika moto wambiri imatsamwa n'kutaya mphamvu, makamaka panyanja pakakhala mafunde. Mukutinso ena akuuzani kuti muthire mankhwala otsukira mainjekita (timipopi tofayira petulo mu injini), ena akuti muwazule muwatokose ndi singano. Za singanozo zisiyeni lero lomwe. Timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri ndipo tinabooledwa mwa muyeso. Mukangokanda kamodzi, mafuta satulukanso ngati nkhungu, amatuluka ngati madzi a pampopi, ndipo injekitayo yatha basi. Mankhwala ali ndi malo ake, koma si poyambira.

Mmene mwafotokozeramu, injini yanu ikuperewera mafuta. Pa idle imamwa pang'ono, ndiye ngakhale njira itatsekeka theka, timafuta tomwe tikudutsa timakwana. Mukaika moto imafuna ambiri, njira n'kukana. Zoti vuto limakula pa mafunde zikuloza kuthanki: mwera ukamawomba boti limagwedezeka, ndipo zonse zimene zinadikha pansi pa thanki, madzi, dzimbiri, mchenga, zimavunduka n'kulowa m'paipi.

Muidziwe kaye njira ya mafuta pa injini imeneyi. Amachoka muthanki, n'kudutsa pa kampira kopopera ndi dzanja ka papaipi, n'kulowa mufyuluta yolekanitsa madzi ngati munaiika, kenako mu kafyuluta ka kapu yoonekera mkati ka pa injini penipeni. Akachoka apo, pampu yaing'ono yoyendetsedwa ndi injini imawakankhira mu kathanki kachitsulo kotchedwa VST. M'menemo muli float (choyandama chimene chimatseka mafuta kathankiko kakadzaza), kasefa, ndi pampu yamagetsi imene imawapanikiza n'kuwatumiza ku paipi yodyetsa mainjekita anayi, ndipo injekita iliyonse ili ndi kasefa kake pakamwa. Ndiye mukuona kuti injekita ndi yomaliza pamzere. Ikadwala, matendawo yachita kupatsidwa ndi zakumbuyo kwake. Mukaitsuka osakonza kumene litsiro likuchokera, pakatha milungu iwiri mudzabweranso ndi funso lomweli.

Choyamba, onani mafuta enieniwo. Chotsani paipi kumene imalowera ku injini, mupope ndi kampira theka la lita m'botolo lagalasi loyera komanso louma, muliike pamthunzi mphindi 15. Petulo wabwino amaoneka mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukaona mzere wogawa botolo pawiri, pansi pali zamadzimadzi zotuwa, kapena petulo yense ali mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ndiye muli madzi. Akanunkha ngati vanishi ndipo wada ngati tiyi, wakhalitsa.

Pa madzipa ndichedwepo, chifukwa kuno kwathu ndi pamene pagona nkhani. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake inadzabwera ina ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhala ndi magawo 10 pa 100 a ethanol amatha kubisa madzi pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100, osaonekera. M'thanki ya malita 25 ndiye kuti ndi mamililita ngati 125, theka la kapu ya tiyi. Madzi akapyola pamenepo, ethanol amasiyana ndi petulo, n'kugwirana ndi madziwo, onse n'kutsikira pansi. Paipi yoyamwa mafuta nayo imatapa pansi pomwepo. Zimene injini imamwa zikatero si petulo, ndipo petulo wotsala pamwambayo amakhala wafooka. Mafuta oterewa palibe mankhwala amene angawabwezeretse. Akhuthuleni onse, ndipo musawatayire m'nyanja kapena pamchenga. Thanki muitsuke ndi petulo watsopano pang'ono, muigwedeze, mukhuthule, muisiye iume. Ikakhala yachitsulo ndipo mkati mwachita dzimbiri, ndi bwino kungogula yapulasitiki yopangidwira maboti, chifukwa dzimbiri likayamba silisiya kuyoyoka.

Pali njira yachidule yodziwira ngati vuto lili m'boti kapena pa injini. Bwerekani thanki ina yoyera, yokhala ndi paipi yake ndi kampira kake, muthiremo petulo watsopano, muyende nayo. Injini ikabwerera mwakale, mainjekita alibe mlandu.

Muli pamadzi pomwepo, kampira kopopera kamakuuzani zambiri mukakayang'anitsitsa. Kakaphwa n'kumamatirana injini ikulira, chatseka chili kumbuyo kwake: kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki katsekeka, kapena kasefa ka paipi ya muthanki kadzaza zinyalala. Masulani chivindikiro pang'ono; mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, injini n'kutsitsimuka, mwapeza. Injini ikayamba kutsamwa, wina napopa kampirako mwamphamvu, iyo n'kudzuka, ndiye kuti pampu yaing'ono yatopa kapena penapake pakulowa mpweya. Kuti muone mpweyawo, lumikizani kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pafupi ndi injini kwa kanthawi koyesera kokha. Thovu lotsatizana likamadutsa, fufuzani makilampu, cholumikizira cha pathanki ndi ming'alu ya paipi. Paipi zakale zimene zakhalitsa padzuwa zimathanso kusupuka mkati chifukwa cha ethanol, kunja zikuoneka zabwinobwino. Mukapeza tizidutswa takuda kapena totuwa mufyuluta, sinthani paipi yonse pamodzi ndi kampira, ndipo muvi wa pa kampirako uloze ku injini.

Kenako mafyuluta. Ngati boti lanu lilibe fyuluta yolekanitsa madzi ya 10 micron (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take) pakati pa thanki ndi injini, pa zonse zimene ndalemba pano chimenechi ndiye choyamba kugula. Iikidwe choimirira, pamalo pofikika. Isinthidwe pa maola 50 mpaka 100 alionse, ndipo amene amagula mafuta a m'zigubu atsatire 50. Yakaleyo musamangoitaya, ikhuthulireni m'botolo muone chimene yagwira. Kafyuluta ka pa injini nakonso kamasuleni. M'kapu mwake nthawi zambiri mumakhala kamphete kofiira kamene kamayandama mukalowa madzi. Pobwezeretsa, onetsetsani kuti O-ring, kamphete kamphira kotseka polumikizira, yakhala bwino, chifukwa ikapindika ndi pamene mpweya umalowera.

Zonsezi zikakhala bwino koma injini ikadali yofooka, pitani ku VST. Apa samalani. Chotsani waya wa negative pa batire, pasakhale wosuta fodya kapena mbaula pafupi, ndipo pomasula paipi iliyonse ya mbali imeneyi ikulungeni ndi chiguduli, chifukwa mafuta amakhala opanikizika ngakhale injini itazima. Pansi pa VST pali sikulu yokhetsera. Khetserani m'botolo muone. Mukapeza madzi kapena ufa wofiirira, VST iyenera kumasulidwa, kutsukidwa, kasefa ka pansi pa pampu yamagetsi n'kusinthidwa, gasiketi n'kuika yatsopano. Kasefa kameneka ndi kamene kamabisa vuto ngati lanuli kawirikawiri, popeza sikaoneka kunja ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Makaniko wokhala ndi geji ayeze mphamvu ya mafuta. Mukatembenuza kiyi pampu imalira masekondi ochepa, ndipo geji iyenera kufika chapafupi ndi 3 bar. Nambala yeniyeni ya injini yanu ili m'buku lake la amakaniko. Chofunika kwambiri n'kuyeza boti likuyenda, litanyamula. Geji ikamagwa pamene mukuika moto, vuto ndi pampu, kasefa kapena regulator, kachipangizo kosunga mphamvu ya mafuta pa muyeso. Ikamagwa msangamsanga mutazimitsa injini, penapake pakudontha, ndipo mwina ndi injekita imene siitseka bwino.

Apa tsopano ndi pamene mungayambe kuwakayikira mainjekita. Muwayese asanazulidwe. Injini ikulira pa idle, gunditsani nsonga ya sikuludilaiva yaitali pa injekita iliyonse, chogwirira chili pakhutu: yamoyo imamveka kuti thi-thi-thi mosadukiza. Kenako zulani pulagi yamagetsi ya injekita imodzi, mumvere, mubwezere, mupite pa ina. Imene mwazula koma kulira kwa injini osasintha, silinda yake sikugwira ntchito. Musathamangire kuweruza, chifukwa sipaki pulagi yakufa kapena koilo yoipatsa moto zimachitanso chimodzimodzi. Sinthanitsani masipaki pulagi muone ngati vuto likusamuka nawo. Mapulagi omwewo ndi mboni yabwino. Yoyera mbuu ngati choko, silinda yake ikuperewera mafuta, ndipo kupitiriza kuthamanga choncho kumawotcha mavavu ndi pisitoni. Yakuda, yonyowa, yonunkha petulo, injekita ikudontha kapena moto sukufika. Mukayeza ndi mita, injekita ya mtundu uwu imaonetsa ma ohm chapafupi ndi 12, ndipo zonse zinayi zifanane. Imene yasiyana kwambiri ndi zinzake yafa ku magetsi, kutsuka sikungaithandize. Musaiwale kusolola dipstick, kachitsulo koyezera oilo. Oilo akakwera kupyola muyeso ndipo akununkha petulo, ndiye kuti injekita ikudonthera m'silinda kapena mphira wa pampu yaing'ono wang'ambika, ndipo oilo ameneyo asinthidwe msanga pamodzi ndi fyuluta yake.

Kutsuka kwenikweni kumachitika pa makina a ultrasonic, otsuka ponjenjemeretsa mankhwala. Injekita imamizidwa m'mankhwala kwinaku ikutsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi, imatsukidwa chobwerera kumbuyo, kasefa ka pakamwa kamachotsedwa n'kuika katsopano, kenako zonse zinayi zimathira m'magalasi a muyeso kuti muone ngati zikutulutsa mofanana. Zikasiyana kupyola magawo 5 pa 100, yotsalirayo itsukidwenso kapena isinthidwe. Magalaja ena okonza galimoto za petulo m'mizinda ali nawo makinawa, ndipo injekita ya boti imatsukidwa mofanana ndi ya galimoto. Pemphani kuti muone ndi maso anu mmene zikuthirira asanatsuke ndi atatsuka. Zilembeni manambala 1 mpaka 4 musanazinyamule.

Mukakhala kutali, monga ku Likoma kapena ku Usisya, pali njira yongopulumukira. Lumikizani chitini cha carb cleaner (mankhwala opopera otsukira kabuleta) kukamwa kwa injekita ndi kapaipi kothina, mugunditse mawaya a batire laling'ono la 9V pa mapini ake mwa kaphindikaphindi, osapitirira sekondi imodzi, uku mukupopera. Mawayawo akhale aatali kuti kuthetheka kuchitikire kutali ndi nkhunguyo, muchitire panja, ndipo mutchinge maso. Musaisiye yolumikizidwa ku batire la 12V, koilo yake imapsa. Njirayi imasungunula utomoni wa petulo wokhalitsa, koma siikuuzani ngati zinayi zija zikutulutsa mofanana. Pobwezeretsa, ma O-ring akhale atsopano, muwapake kadontho ka oilo wa injini, mulowetse mopotoza pang'ono osakakamiza. Tembenuzani kiyi katatu osaliza injini, mupapase ndi kununkhiza ngati pali podontha, kenako muilize.

Mankhwala othira muthanki aja amathandiza pamene injekita yangoyamba kuchita utomoni, osati itatsekeka ndi dzimbiri kapena mchenga. Sankhani olembedwa kuti muli PEA, mankhwala osungunula utomoniwo, muthire muyeso wa pabotolo malinga ndi malita a thanki yanu. Kuthira botolo lonse la galimoto m'thanki ya malita 25 si kuchenjera. Ndipo mukathira m'thanki yakuda, amakokolola zonse n'kuzitumiza kumafyuluta, vuto n'kukula.

Anzathu a mainjini a Yamaha Enduro 15 ndi 40 amene mukuwerenga nawo, injini zanu zilibe mainjekita, zili ndi kabuleta, koma zonse za thanki, paipi ndi madzi zikukukhudzani. A mainjini a dizilo, mainjekita anu musawatsuke panokha: apite kwa okonza mapampu a dizilo akayezedwe pa makina, ndipo musayerekeze kuika dzanja pa nkhungu yake, imaboola khungu.

Mukakonza, kayeseni boti litanyamula monga mwa masiku onse. F60 iyenera kufika pakati pa 5000 ndi 6000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mutaika moto wonse. Ikalephera pamene geji ya mafuta ili bwino, yang'anani pulopela ndi ndere za pansi pa boti. Kuyambira pamenepo, zigubu za petulo zikhale za petulo yekha, zotseka bwino, zosungidwa pamthunzi, osati pamchenga wotentha pamene usiku zimachita thukuta mkati. Pothira gwiritsani fanulo ya sefa, ndipo timafuta totsalira pansi pa chigubu musatitsanulire muthanki. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, a m'zigubu ogula pamsewu ayeseni kaye m'botolo lija musanathire, chifukwa ena amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi. Boti likakhala kuti liima kupitirira mwezi, thirani stabilizer (mankhwala oteteza petulo kuti asaonongeke pokhalitsa), muilize injini mphindi 10 kuti mankhwalawo afike mpaka kumainjekita, kenako mukhetse VST.