Mwana akufuna kudzajambula zipatala, bambo ake akuti achite unamwino

Mayi wina wa ku Mponela walemba motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Masamu ndi fizikisi amakhoza bwino, ndipo kumapeto kwa makope ake onse kwadzaza zojambula za nyumba. Akuti akufuna kudzakhala architect, makamaka wojambula zipatala. Bambo ake sakufuna kumva zimenezo, akuti achite unamwino kapena udokotala poti ndi ntchito yodziwika komanso yothandiza anthu. Ine ndili pakati. Kodi kujambula mapulani ndi ntchito yoti munthu n'kupitira ku yunivesite, pomwe anyamata a pamsika pano amajambula pulani tsiku limodzi? Nanga mtsikana angaithe?"

Mayi, zikomo polemba. Ndinene poyera kuti ine ndili kumbali ya mwanayo. Koma nkhawa ya bambo ake ili ndi mutu, ndipo sindiilambalala.

Tiyambe ndi mawu awo akuti ntchito yothandiza anthu. Mu 2005 ndi 2006, pachipatala cha ku Tugela Ferry m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, madokotala anapeza odwala 53 ali ndi TB yosamva pafupifupi mankhwala onse. Mwa iwo, 52 anamwalira, theka la iwo pasanathe masabata atatu chiwayezereni makhololo. Oposa theka anali asanamwepo mankhwala a TB chiyambire, koma ambiri anali atagonekedwapo m'chipatala cha komweko m'mbuyomo. Ofufuza anaona kuti n'kutheka ndithu kuti ambiri anatengera matendawo m'wodi, malo amene anapita kukafuna moyo.

Tizirombo ta TB timayenda mumpweya. Munthu akatsokomola timatha kuyandama m'chipinda kwa maola ngati mpweya sukusinthana. Tsono taganizirani malo odikirira amene tonse timawadziwa: kanjira kam'kati kotalika, mabenchi uku ndi uku, denga lotsika, mazenera aang'ono amene anapentedwa kalekale mpaka zotsegulira zinagwirana, anthu atathithikana chiyambire mbandakucha mabuku akuchipatala ali m'manja. Wachifuwa wakhala moyandikana ndi mayi wa khanda la masabata awiri. Namwino, ngakhale adzipereke chotani, sangasinthe kumene mphepo ikulowera. Zimenezo zinagamulidwa kale papepala ndi munthu amene odwalawo sadzamuona n'komwe. Mwana wanu akufuna kudzakhala munthu ameneyo, ndipo akufuna adzagamule bwino.

Ku Lima, likulu la Peru, ofufuza anayeza mpweya m'zipatala zingapo ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. M'mawodi akale a denga lalitali ndi mazenera aakulu, akatsegula mazenera ndi zitseko, mpweya unkasinthana pafupifupi ka 40 pa ola. M'mawodi amakono unkasinthana ka 17. Mlingo umene amafuna m'chipinda chopatula odwala choyendera makina okoka mpweya ndi ka 12 pa ola. Ndiye kuti zenera loikidwa pamalo pake linkaposa makina okwera mtengo, amenenso amaima magetsi akangothima.

Pali kampani ina ya ma architect imene inabadwira pa ganizo lomweli, ndipo ndimakonda kuitchula kwa ana asukulu chifukwa ntchito yake ina ili konkuno. Dzina lake ndi MASS Design Group, ili ndi maofesi ku Boston ndi ku Kigali. Amene anaiyambitsa, monga Michael Murphy ndi Alan Ricks, anali akadali ophunzira pa yunivesite ya Harvard pamene anayamba kugwira ntchito ndi bungwe la Partners In Health la malemu Dr Paul Farmer, lomwe kuno limathandiza ku Neno ndi dzina la Abwenzi Pa Za Umoyo. Ntchito yawo yoyamba inali chipatala cha Butaro m'boma la Burera, kumpoto kwa Rwanda, chimene chinatsegulidwa mu 2011. Boma limenelo linali ndi anthu oposa 300,000 koma lopanda chipatala chachikulu.

Zimene anachita ku Butaro munthu aliyense angazimvetse. Tinjira tam'kati anatichotsa, anthu amayenda ndi kudikirira m'makonde a panja okhala ndi denga, momwe mphepo imadutsa. Mawodi anawapatsa denga lalitali, mazenera ena m'mwamba otulutsira mpweya wotentha, mafani aakulu oyenda pang'onopang'ono, ndi nyale zapadera zopha tizirombo ta mumpweya. Mabedi anawatembenuza. M'malo moti mitu igunde kukhoma odwala n'kumayang'anizana, anaika kakhoma kakafupi pakati pa wodi, mabedi n'kutsamira kumeneko, kotero kuti wodwala aliyense akatsegula maso amaona mapiri pazenera, osati mnzake amene akubuula. Makoma ena anamanga ndi miyala ya m'mapiri ophulika ya m'dera lomwelo, imene alimi ankangoiunjika m'mbali mwa minda ngati chosokoneza, ndipo amisiri a komweko ndi amene anaisema n'kuilumikiza. Ndalama zambiri za ntchitoyo zinatsala m'matumba mwa anthu a m'mudzi.

Ku Haiti, mumzinda wa Port-au-Prince, kampani yomweyi inajambula malo othandizira odwala kolera amene anatha mu 2015. Kumeneko vuto silinali mpweya koma madzi, ndiye nyumbayo anaipanga kuti iziyeretsa yokha madzi oipa ochokera kwa odwala asanatayidwe. Ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 akutenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno sitifunika kuuzidwa phindu la zimenezo.

Koma ntchito ya kampaniyi imene ndikufuna muidziwe bwino ndi chidikiro cha pachipatala cha boma cha Kasungu, chimene chinatha mu 2015, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi UNC Project, bungwe la zaumoyo ndi kafukufuku la yunivesite ya North Carolina ya ku America. Inu mayi mukudziwa mmene kuchidikiro kumakhalira. Mayi woyembekezera amapita mwezi wake wotsiriza, sapita yekha, amapita ndi gadiyani, mapoto, ufa, nkhuni, mphasa. Pulani imene inalipo kale inali ya chinyumba chimodzi chachitali, mabedi atandandalikidwa, yosaganizira kuti gadiyaniyo agona pati, aphikira pati, achapa n'kuyanika pati. Ojambulawo anayamba akhala pansi ndi amayi ndi anamwino kuwafunsa. Kenako chinyumbacho anachidula kukhala tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, monga mmene nyumba za pabanja zimakhalira kumudzi. Madenga anawatulutsa kwambiri kuti pakhale makonde a mthunzi, poti anaona kuti moyo wa masana wonse umachitikira panja: kuphika, kucheza, kumva uphungu wa anamwino. Makoma ndi a njerwa za dothi lopanikizidwa ndi makina, losakaniza ndi simenti pang'ono, zosaotcha, zimene masana zimasunga kuzizira ndipo usiku zimabweza kutentha. Mayi akakhala momasuka pamalo sathawa kubwerera kumudzi tsiku lisanakwane, ndipo matenda akayamba usiku amakhala ali pakhomo pa azamba. Bambo akafunsa kuti pulani ipulumutsa bwanji moyo, yankho ndi limenelo.

Nkhani ya njerwayi ikukhudza tsogolo la mwana wanu mwachindunji. Uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo yambiri, n'chifukwa chake kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga m'dziko muno amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Namondwe Freddy mu March 2023 anaononga zipatala zingapo m'chigawo cha kummwera, zomwe zinaonetsa kuti kusankha malo omangapo ndi kukonza njira za madzi si nkhani yomaliza nayo. Dziko likufuna anthu odziwa kumanga mosaononga nkhalango, nyumba yozizira popanda makina, yokolola madzi a mvula, ya denga lokonzekera sola.

Ndisakunamizeni kuti zenera limathetsa zonse. Kuthiyeta sikufuna fumbi. Labotale yoweta tizirombo ta TB imafuna zosiyana kotheratu ndi wodi: yotsekeka ndithu, mpweya uzilowa kuchokera kunja koma usatuluke osasefedwa, ndipo munthu adutse zitseko ziwiri asanafike mkati. Mafiriji osungira magazi a kafukufuku amazizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro ndipo sayenera kuzima ngakhale usiku umodzi. Malo a kafukufuku wa zaumoyo ngati Malawi Liverpool Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queens ku Blantyre, kapena UNC Project pa Kamuzu Central ku Lilongwe, amadalira nyumba zoterezi. Architect ndi amene amalumikiza zofuna za wasayansi, injiniya wa magetsi, wa mipope, wa zipilala, ndi wowerengera mtengo, kuti zonse zikwane m'nyumba imodzi ndi m'thumba limodzi. Apa ndi pamene akusiyana ndi anyamata a pamsika aja. Sindikuwanyoza, ambiri ndi aluso ndipo amathandiza mabanja ambiri kumanga. Koma chipatala kapena labotale sapatsa munthu amene sanalembetsedwe ku bungwe la boma loona za ma architect ndi ma quantity surveyor (akatswiri owerengera mtengo wa zomangamanga), chifukwa zikalakwika pamafunika woyankha.

Njira yake ndi iyi. Maphunziro a architecture amapezeka ku MUBAS ku Blantyre, imene kale tinkaitcha Poly. Kusankhidwa kumadzera ku NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro a m'mayunivesite, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingelezi. Masamu ndi fizikisi ndiye msana wake, ndipo malo ndi ochepa, choncho kirediti yongodutsira siyokwanira. Zofunika zenizeni muziwerenge m'chikalata cha NCHE cha chaka chimene adzalembere, osadalira zomva. Akamaliza digiri sakhala architect tsiku lomwelo. Amagwira kaye ntchito pansi pa wolembetsedwa kale, n'kudzayesedwa, ndipo ambiri amaonjezera maphunziro kunja, monga ku Cape Town, Wits kapena Pretoria. Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe ndi ya Ardhi ku Dar es Salaam zimaphunzitsanso ntchitoyi. Ukatswiri wa zipatala weniweniwo umabwera pambuyo, pogwira ntchito ndi amene amazijambula. Mmodzi mwa akuluakulu a MASS lero, Christian Benimana wa ku Rwanda, anachita kukaphunzira ku Shanghai ku China chifukwa kwawo kunalibe sukulu ya ntchitoyi nthawi imeneyo. Mwana wanu ali nayo pa Chichiri pompa.

Tsopano mbali ya bambo. Ndi ulendo wautali ndipo umadya ndalama. Kupatula fizi, imene angapemphere ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, pamafunika laputopu yamphamvu yonyamula mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD, Revit kapena ArchiCAD, makatoni ndi guluu zopangira timanyumba toonetsera, ndi ndalama zosindikizira mapepala aakulu. Ophunzira ake amachezera usiku kujambula, m'mawa aphunzitsi n'kudzudzula ntchitoyo pamaso pa anzawo. Makampani ake ndi ochepa, ambiri ali ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo chuma chikavuta, simenti ikakwera, ntchito zomanga ndi zimene zimayamba kuima. Ena amalembedwa ku nthambi ya boma yoona za nyumba, ku makhonsolo, ku Malawi Housing Corporation, kapena ku mabungwe omanga sukulu ndi zipatala. Komanso tisaiwale kuti anamwino omaliza maphunziro nawonso akhala akudikira nthawi yaitali kuti boma liwalembe. Ndipo unamwino wokakamizidwa ndi woopsa: amene amavutika nawo ndi wodwala wa pabedi.

Zoti ndi mtsikana zisakudetseni nkhawa. Mariam Issoufou wa ku Niger watchuka dziko lonse pomanga ndi dothi la kwawo, ndipo mu 2024 Lesley Lokko, wa makolo a ku Ghana ndi Scotland, analandira mendulo yagolide ya bungwe la ma architect la ku Britain. Chimene adzakumane nacho ndi folomani kapena kontrakitala wofuna kumuyesa pa saiti. Amene akudziwa ntchito yake, wotha kunena kuti konkire iyi mwachulutsa mchenga, phwanyani, amamvedwa.

Iwe mwanangu, poti ndikudziwa kuti amayi akuwerengera kapena akupatsa foni: kujambula nyumba zokongola kumapeto kwa kope ndi chiyambi chabe. Holide ikubwerayi pita kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, upemphe chilolezo kwa woyang'anira, ukhale pabenchi m'mawa wonse ndi pensulo. Usajambule anthu ndi foni. Yeza chipinda ndi mapazi, ulembe pulani yake. Ona kumene dzuwa likulowera, kumene mphepo ikuchokera, pamene mzere ukupanikizana, mtunda umene namwino akuyenda kuchoka pa wodwala kukafika pampopi wosambira m'manja, ndi mmene munthu wa panjinga ya olumala akulowera. Ukafika kunyumba jambula pulani yachiwiri yokonza zimene waonazo, osaonjezera chipinda ngakhale chimodzi. Ukapezanso pomwe akumanga, pempha mmisiri akuonetse mmene amakhazikira maziko ndi lintala. Zojambula zonsezo uzisunge m'fayilo imodzi ndi madeti ake. Masamu usawalekerere ngakhale teremu imodzi. Podzadzaza fomu ya NCHE, architecture ikhale yoyamba, koma uikeponso ena oyandikana nayo monga civil engineering, quantity surveying, kapena biomedical engineering imene imaphunzitsa za makina akuchipatala ku MUBAS ndi ku MUST.

Mayi, nkhaniyi musaikambe ndi bambo ngati mlandu woti wina apambane. Mwanayo akajambula mapulani awiri aja, awaonetse yekha kwa bambo ake n'kuwafotokozera chifukwa chimene wasunthira chitseko kapena benchi. Ndipo poti Mponela ndi Kasungu ndi msewu umodzi wa M1, tsiku lina mukwere minibasi nonse atatu, mukapemphe kwa akuluakulu a chipatala kuti muone chidikirocho, bambo akafunse okha amayi ndi magadiyani amene akugona mmenemo.