Ndaloweza mawu 1,000 a Chingerezi koma GRE ikundigonjetsabe

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku sekondale, ndili ndi digiri yoyamba, ndipo ndikufuna kukachita masitazi ku America. Yunivesite yomwe ndasankha ikufuna zotsatira za GRE, mayeso olowera maphunziro a masitazi. Ndaloweza mawu a Chingerezi oposa 1,000 kuchokera pamndandanda womwe ndinaupeza pa intaneti, koma ndikayeserera mafunso ndimakhoza theka lokha, nthawinso imandithera ndisanamalize. Kwatsala miyezi itatu. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, mawu 1,000 amenewo sanapite padera, adzakuthandizani. Koma musanawonjezere ena, taonani kaye mmene mayesowa anawaumbira, chifukwa vuto lanu labisala pamenepo.

Kuyambira mu Sepitembala 2023, bungwe la ETS lomwe limakonza GRE linafupikitsa mayesowa, moti onse amatha maola awiri asanakwane. Gawo la Chingerezi, lotchedwa Verbal Reasoning, lili pawiri: mafunso 12 m'mphindi 18, kenako mafunso 15 m'mphindi 23. Ndiye kuti funso lililonse lili ndi mphindi imodzi ndi theka, nthawi yowerenga ndime ili momwemo. Malikisi amayambira pa 130 kulekezera pa 170. Kompyuta imaona mmene mwakhozera chigawo choyamba n'kusankha kulimba kwa chachiwiri, ndipo malikisi apamwamba amapezeka kwa amene apatsidwa chigawo chachiwiri chovuta. Mukalakwa funso sakuchotserani malikisi, choncho musasiye funso lopanda yankho.

Pafupifupi theka la mafunsowa ndi owerenga ndime n'kuyankha. Otsalawo ndi odzaza mipata. Mtundu wa Text Completion umakhala ndi mpata umodzi, iwiri kapena itatu, ndipo mukaphonya umodzi pa itatuyo funso lonse lapita. Mtundu wa Sentence Equivalence umakupatsani chiganizo chimodzi, mpata umodzi ndi mawu 6, inu musankhe awiri omwe lililonse likalowa pampatapo chiganizocho chinena zofanana. Palibe funso lomwe limangoimika liwu palokha n'kuti tanthauzirani. Taonani ichi:

"Far from being ______, the committee's report named every official who had mishandled the funds."

Mawu osankha ndi circumspect, scathing, lengthy, guarded, candid ndi belated. Woloweza mndandanda amadziwa kuti scathing ndi kudzudzula kwaukali, candid ndi kulankhula mosabisa. Akangoona lipoti lomwe latchula maina a onse owononga ndalama, dzanja limathamangira pa awiriwo. Wagwa nalo. Mawu oyambirira aja, far from, atembenuza chiganizo chonse, moti pampatapo pakufunika khalidwe lomwe lipotilo linalibe. Lipotilo silinazengereze kutchula anthu, choncho yankho ndi circumspect ndi guarded, onse onena za kusamala polankhula. Matanthauzo onse 6 munthu akhoza kuwadziwa bwinobwino n'kulakwabe funsoli.

Chitani chonchi pa funso lililonse la mpata. Phimbani mawu osankhawo ndi dzanja. Werengani chiganizo n'kupeza liwu lomwe likuwongolera mfundo. Although, yet, despite, hardly, rather than ndi belie amakhotetsa njira. Because, since, indeed, thus, ngakhalenso chizindikiro cha madontho awiri, amapitiriza mfundo yomweyo. Mukatero ikani liwu lanulanu losavuta pampatapo, ngakhale la Chichewa: pa chiganizo chathuchi mukanati "lamantha" kapena "lobisabisa". Kenako chotsani dzanja mufunefune lofanana nalo. Woyamba n'kuwerenga mawu osankha amayesa lililonse pampatapo, lililonse n'kumamveka ngati likukwana, mphindi ziwiri n'kutha.

Pali gulu lina la mawu lomwe limapweteka kwambiri anthu ophunzira bwino, chifukwa sawakayikira n'komwe. Tonse tinakula tikudziwa qualify ngati kuyenerera, koma m'zolemba zaukachenjede "to qualify a claim" ndi kuchepetsa mphamvu ya zomwe wanena, ndipo "qualified support" ndi kuvomereza kokhala ndi "koma" kumapeto kwake. Check akhoza kukhala kuletsa, arrest kuimitsa chinthu chomwe chimakula, temper kufewetsa. Pedestrian si woyenda pansi yekha, ndi chinthunso chosakoma, chawamba. Plastic ndi chotha kuumbika. Sanction ndiye woopsa zedi, chifukwa pena ndi chilolezo, pena ndi chilango. Mawu otere mindandanda ina ya pa intaneti ilibe, poti amaoneka ophweka. Apatseni tsamba lawolawo m'kope lanu.

Tsopano za kuloweza. Kuwerenga mndandanda kuchokera pamwamba mpaka pansi kumanamiza, chifukwa diso limazolowera liwu, mtima n'kumati ndalidziwa, chonsecho likabwera m'chiganizo chachilendo tanthauzo silibwera. Gwiritsani ntchito makhadi. Kutsogolo lembani chiganizo chonse chomwe mwalipezamo liwulo, mulidule mzere kunsi. Kuseri lembani tanthauzo lalifupi m'Chingerezi, mawu awiri ofanana nalo, ndi kachizindikiro koonetsa ngati liwulo n'loyamikira kapena lonyoza. Kachizindikiroka musakapeputse. Frugal ndi miserly onse ndi a munthu wosamwaza ndalama, koma woyambayo ndi wosamala, wachiwiriyo ndi woumira. Tenacious ndi wakhama, obstinate ndi wouma mutu. Apa Chichewa chimathandiza kugwira mtima wa liwu, koma tanthauzo lenilenilo litengeni mu dikishonale ya Chingerezi chokhachokha, monga ya Oxford kapena ya Cambridge yolembedwera ophunzira, yomwe imaonetsa liwu m'ziganizo. Muziphunziranso mawu m'mabanja a tanthauzo, monga laconic, terse, taciturn ndi reticent pamodzi, ephemeral, transient ndi evanescent pamodzi, chifukwa Sentence Equivalence imafuna mapasa.

Mawu atsopano 15 patsiku ndi okwanira. Masiku 6 pa sabata kwa masabata 10 akupatsani mawu 900. Pulogalamu ya Anki, yomwe ndi yaulere pakompyuta ndi pafoni za Android, imakubwezerani khadi lililonse pa nthawi yomwe mwatsala pang'ono kuliiwala, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Chenjerani ndi changu cha sabata yoyamba. Eni pulogalamuyi amanena okha kuti woika makhadi atsopano 20 tsiku lililonse amadzafika pobwereza pafupifupi 200 patsiku. Woika 50 amamira ndi makhadi sabata yachitatu n'kusiya zonse. Ngati mukufuna mapepala, dulani makhadi muwagawe m'maenvelopu atatu: ya tsiku ndi tsiku, ya masiku atatu alionse, ndi ya kamodzi pa sabata. Khadi lomwe mwakhoza likwere envelopu yotsatira, lomwe mwalakwa libwerere koyamba. Nenani yankho mokweza musanatembenuze khadi, apo ayi mudzinamiza.

Dziyeseninso ngati maziko alipo. Ngati albeit, inherent, paradigm ndi notwithstanding akukuimitsani, yambani ndi Academic Word List yomwe katswiri wa zilankhulo Averil Coxhead anatulutsa mu 2000, ya mabanja a mawu 570 opezeka kawirikawiri m'zolemba za m'mayunivesite. Mawu achilendo a GRE amamangidwa pamwamba pa amenewa.

Koma nthawi yanu yambiri ipite ku kuwerenga, mphindi 40 tsiku lililonse. Nkhani za patsamba loyamba la nyuzipepala sizikwanira, chifukwa zimangonena yemwe wachita chiyani, kuti ndi liti. Ndime za GRE zimatsutsana ndi maganizo a anthu ena. Werengani zolemba zokambirana mfundo: The Conversation Africa ndi Aeon ndi zaulere pa intaneti, The Economist ndi Scientific American zili ndi kalembedwe koyandikira ka mayesowa. Sankhani dala nkhani za phunziro lomwe simulikonda. Ngati munaphunzira mbiri yakale, werengani za nyenyezi ndi za tizilombo; ngati ndinu wa sayansi, werengani za luso la zojambula, chifukwa ndime za mayesowa zimachokera ku mbali zonsezi. Kafukufuku wa katswiri wa zilankhulo Paul Nation ndi anzake anaonetsa kuti munthu amawerenga momasuka akamadziwa mawu 98 pa 100 alionse. Ndiye werengani mawu 100 oyamba a nkhani muone achilendo alipo angati. Akapitirira 5, nkhaniyo ndi yolimba kwa panopa, pezani ina yofewerapo. Muziwerengera pa sikirini ya kompyuta pomwe mungathe, chifukwa mayeso enieni ali pomwepo ndipo simungadule mizere ndi pensulo.

Musamaime pa liwu lililonse kutsegula dikishonale. Lembani liwulo pambali, malizani nkhani, yerekezani tanthauzo kuchokera m'chiganizo, kenako mutsimikize. Mawu 5 mpaka 8 pankhani imodzi ndi omwe alowe m'makhadi.

Mukamaliza ndime iliyonse, lembani mawu osapitirira 6 onena ntchito ya ndimeyo. Osati zomwe yanena, koma zomwe ikuchita: "maganizo akale a akatswiri", "umboni watsopano wotsutsa", "wolemba akuvomereza pang'ono". Chizolowezi chimenechi ndicho chimasiyanitsa anthu. Ndime zambiri za GRE zimayamba ndi maganizo omwe wolemba akufuna kuwagwetsa, ndipo msampha wodziwika ndi yankho lomwe lilidi m'ndimemo liwu ndi liwu, koma ndi maganizo a anthu omwe wolembayo akuwatsutsa. Funso loti "akulankhula ndani pamzere uwu" lizikhala m'mutu nthawi zonse. Misampha ina ndi iyi. Ndime yati suggests kapena may, yankho n'kuti proves kapena always. Limenelo lakokomeza, lisiyeni. Yankho lina limakhala loona ndithu m'moyo, inu n'kulidziwa kuchokera kukalasi, koma ndimeyo sinalinene, nalonso lisiyeni. Aphunzitsi ndiwo amagwa kwambiri apa, poti amadziwa zambiri. Palinso mafunso okhala ndi mayankho atatu oti musankhe onse oona. Pamenepo yesani lililonse palokha, chifukwa loona likhoza kukhala limodzi, awiri kapena onse atatu.

Chida chomwe chidzakuuzani msanga pomwe pali bala ndi kope la zolakwa. Funso lililonse lomwe mwalakwa, ngakhale lomwe mwakhoza mwamwayi, lembani yankho lomwe munasankha, chifukwa chomwe munalisankhira, ndi chomwe munaphonya. Pakatha masabata awiri werengani zifukwazo. Zikachuluka za "sindinalidziwe liwu", onjezerani nthawi ya makhadi. Malinga ndi zomwe mwafotokoza, tikukayikira kuti zanu zidzakhala zimenezo. Zambiri zidzakhala "sindinaone although" ndi "ndinasokoneza wolemba ndi omwe amawatsutsa", ndipo mankhwala ake ndi kuwerenga.

Za nthawi yomwe imakutherani, musayambe n'kuthamanga. Masabata anayi oyamba yankhani popanda wotchi, mpaka muzitha kuloza mzere womwe ukutsimikiza yankho lanu. Kuyambira sabata yachisanu ikani wotchi, mafunso 12 m'mphindi 18 ndendende. Funso likadya mphindi ziwiri, sankhani loyandikira, liikeni chizindikiro chodzabwererako, pitirirani. Mayesowa amalola kubwerera m'mbuyo mkati mwa chigawo chomwecho. ETS ili ndi mayeso oyeserera aulere otchedwa POWERPREP. Lembani amodzi sabata ino kuti mudziwe pomwe mwaima, enawo muwasungire masabata awiri omaliza. Mafunso a eni mayesowa ndi ochepa ndipo ndiwo ali ndi kakomedwe kenikeni, choncho musawamalize mwezi woyamba.

Funso: Mwana wanga wamaliza digiri ndipo akupempha ndalama za GRE, za mabuku ndi za kalasi yokonzekera mayeso. Ine ndine mayi wopuma pantchito. Zofunikadi ndi ziti?

Yankho: Mayi, musanatulutse kalikonse, mwanayo akuonetseni tsamba la pulogalamu iliyonse yomwe akufunsira malo, pomwe palembedwa mayeso ofunika. M'zaka zaposachedwa mapulogalamu ambiri a ku America anasiya kukakamiza GRE. Ngati akufuna ku Britain, ambiri kumeneko amafunsa IELTS Academic, omwe ndi mayeso ena ndithu, oyesa luso la Chingerezi: kuwerenga kwake ndi ndime zitatu zazitali, mafunso 40, mphindi 60, ndipo kuti munthu apeze 7 pagawoli amafunika kukhoza mafunso pafupifupi 30. Zotsatira za IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri, za GRE zaka 5, choncho kulemba IELTS msanga kwambiri n'kutaya ndalama.

GRE imalipiridwa madola a ku America oposa 200, ndipo wofuna kubwereza amadikira masiku 21 n'kulipiranso ndalama yonse. Ndiye lamulo la pakhomo likhale loti ndalama ya mayeso ituluke pokhapokha malikisi a POWERPREP atayandikira omwe yunivesiteyo imafuna. Buku limodzi la ETS ndi lokwanira poyambira. Kalasi si yokakamiza. Ngati akuifunabe, afunse ngati aphunzitsi ake amaunika chifukwa chomwe wophunzira walakwira, chifukwa kalasi yongogawa mindandanda ya mawu ikugulitsa zomwe zili zaulere. Aliyense wolonjeza kumulembera mayeso kapena kumupatsa mafunso obedwa amuthawe, ETS imafafaniza zotsatira zotere.

Polembetsa, dzina lilembedwe ndendende mmene lilili pa pasipoti, chifukwa likasiyana akhoza kubwezedwa pakhomo la mayeso ndalama osabwerera. Akasankha kulembera kunyumba, pafunika kompyuta, chipinda chopanda munthu wina, intaneti yosadukaduka ndi magetsi odalirika kwa maola awiri, ndipo mapepala wamba saloledwa, amalembera pa kabolodi kofufutika. Kumene magetsi amazimazima, malo ovomerezeka olemberako mayeso ndiwo abwino. Pa nthawi yokonzekera mayeso, chomwe inu mungamupatse n'bandulo ya intaneti ndi ola limodzi ndi theka tsiku lililonse lomwe satumidwa kulikonse.